Fifite-fifite pa Khonde la Chipatala

Zaka zija mafoni asanafike kumapiri kuno, pamene uthenga unkayenda ndi miyendo ya munthu basi, ine ndinakumana ndi mawu amene mukuloweza inuwo. Inde, omwewo. Ndakhala ndikukumverani chiyambire kutonola chimangachi, iwe Tadala ukufunsa, Mphatso akuyankha, uku mukuseka: "on cloud nine", "back to square one", kaya chiyani uko. Akuti abwera pa mayeso, eti? Lowezani ndithu, adzukulu anga. Koma awiri mwa mawu amenewo, aja mwati "eleventh hour" ndi "fifty-fifty", ine sindinawaphunzire m'kalasi ayi. Anandipeza pa khonde la chipatala, miyendo yanga ili matope okhaokha, ndipo tsiku limenelo sindinaseke. Manja asaime, zitsononkho ponyani uko, ine ndizikamba.

Nthawi imeneyo ndinali pachikamwini, kwawo kwa agogo anu aakazi, Elube, mudzi wa kumtunda kwa Matandani. Mwana tinali naye mmodzi yekha, bambo anuwa, Yohane, akungoyamba sukulu. Pambuyo pa iye tinataya makanda awiri motsatizana, onse asanatuluke m'chikuta, ndipo Elube anasanduka munthu wosalankhulalankhula, woti akamva khanda la mnzake likulira ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Choncho ataima kachinayi, tonse pakhomo tinkayenda monyang'ama, osafuna n'kuitchula komwe nkhaniyo.

Matenda anamuyamba nyengo ya manachesi, mwezi wozizira uja chiperoni chimagona paphiri osafuna kuchoka. Lero mayi woyembekezera amakadikirira kuchipatala, koma kale ankachirira kwa azamba, ndipo mwamuna sankayandikirako, ankangokhala patali n'kumaona amayi akulowa ndi kutuluka. Ndinakhala choncho tsiku lonse. M'bandakucha wa tsiku linalo, apongozi anga, amayi ake a Elube, amene chikwatirire changa anali asanandiyang'anepo m'maso, anabwera okha n'kuima pamaso panga, akundiyang'ana m'maso.

"Bambo a Yohane, zakanika. Pezani machila."

Mwamva? Mawu ochepa okha. Tinadula nsungwi ziwiri, n'kumangirira bulangete, ndipo anyamata a m'mudzi anandithandiza kunyamula mpaka kuchipatala chaching'ono cha kufupi. Namwino wa kumeneko atangomugwira pamimba anati mwana wagona chopingasa, apa pafunika opaleshoni, thamangani naye kuchipatala chachikulu. Masiku amenewo chipatala chochita opaleshoni chinali kutali, kuseri kwa mapiri, ndipo ambulansi inali itapita kale ndi wodwala wina. Inu lero mukhoza kuimba foni, njinga yamoto n'kufika pakhomo musanamalize n'kumanga nsapato komwe, koma ife tinangoima pamsewu, chifunga chili tolo, kudikira chilichonse chokhala ndi mateyala.

Mwamwayi kunatulukira lole yonyamula manachesi. Dalaivala atasuzumira m'machila sanafunse zambiri, anangoti kwezani. Tinasuntha matumba, n'kuyala mphasa pakati, apongozi atapakata mutu wa mwana wawo, ine nditakhala kumiyendo. Msewu unali woterera ngati therere. Paphiri lina lole inatsetsereka cham'mbali mpaka teyala lakumbuyo linalendewera kuphompho, ndipo tinatsika ine ndi wothandizira dalaivala, kuika miyala, kukankha, matope akutiwaza kumaso. Nditakweranso, Elube anatsegula maso n'kundigwira pamkono, zala zake zozizira koma zamphamvu.

"Bambo a Yohane, mwana uyu yekha asapite. Kaya za ine zikhala bwanji, koma uyu yekha asapite. Mwamva?"

Ndinati ndamva. Ndikanayankha chiyani china?

Titafika anamugoneka pa bedi lamateyala n'kumulowetsa m'chipinda, ndipo posakhalitsa kunatuluka dokotala, mnyamata wamtali wochokera kumpoto, amene anali atangotumizidwa kumene kuno. Chichewa ankayesa ndithu, koma akafulumira lilime linkathawira ku Chizungu. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndimamva Chizungu. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, zolemba pa thumba la fetereza ndinkawerenga, wailesi ndinkatolako apa ndi apo, ndiye ndinati "yes". Iye anapumira m'mwamba ngati wapeputsidwa katundu, n'kuyamba kulankhula mothamanga.

"Bambo, you have come at the eleventh hour. Mwana wagona moipa, mayi wataya magazi ambiri. Tichita opaleshoni, but it is fifty-fifty. Mwamva? Fifty-fifty."

Atatero anatembenuka n'kuthamangira kukasamba m'manja, ine n'kutsala chilili.

Tsono tamverani mmene mutu wanga unagwirira mawu amenewa. Manambala ndinkawadziwa. "Eleven" ndi leveni, "hour" ndi ola. Pamwamba pa chitseko panali wotchi yaikulu yoyera, ndipo nditakweza maso ndinaona muvi waufupi uli pa teni. Ndinati basi, dokotala wandiuza nthawi, ikakwana leveni zonse zatha. Nanga fifite-fifite? Ameneyo ndiye ndinkamudziwa bwino kwambiri, chifukwa ine ndi mnzanga tikathyola manachesi limodzi tinkaunjika milu iwiri yofanana n'kunena kuti fifite-fifite, uwu wako, uwu wanga. Ndiye anthu alowa awiri m'chipindamo, mayi ndi mwana. Kugawana pakati ndiye kuti mmodzi wathu, mmodzi wa kumanda. Ndinamva choncho, ndipo sindinakayike n'pang'ono pomwe.

Apongozi anali atakhala pansi pakhondepo, chitenje atafunda kumutu. Ndinanjuta chapatali monga mwa ulemu.

"Akuti chiyani adokotala?" anafunsa.

"Akuti amung'amba."

"Basi? Alankhula zambiri aja."

Ndinayankha motsitsa mawu. "Akuti apulumuka mmodzi, amayi. Winayo ayi."

Sanalire. Ndikanakonda akanalira. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kumanga chitenje m'chiuno ngati akupita kumunda, ndipo nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, namwino akukankha bedi lija kupita nalo kochitira opaleshoni. Apongozi anapita molunjika n'kugwira chitsulo cha bedilo ndi manja awiri.

"Mwana wanga simumung'amba. Ngati n'kufa akafere kwathu, thupi lake lili lathunthu."

"Amayi, nthawi yatha, tisiyeni tidutse," anatero namwinoyo, mayi wachikulire wonenepa, amene kalankhulidwe kake kankamveka kuti ndi wa cha ku Lisungwi.

"Sindichoka. Malume ake kulibe kuno. Wavomereza ndani?"

Ndinayandikira n'kunena kuti amayi, chonde, ndavomereza ine. Anatembenuka, ndipo kachiwiri tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso.

"Inu ndinu mkamwini, bambo a Yohane. Munabwera ndi bulangete lanu, mudzapita ndi bulangete lanu, mukakwatira kwina. Ine uyu ndi mwana wanga. Akamupha pofuna kutulutsa khanda, mudzandibwezera?"

Ana inu, masiku ano mwamuna amasaina yekha, palibe womufunsa za malume, koma kale mawu amenewo anali olemera, ndipo anthu pakhondepo anayamba kutiunjirira. Ndinayang'ana Elube. Maso anali otseka, milomo yotuwa ngati phulusa, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono. Ndinayang'ana wotchi, muvi wautali unali utayenda kale ndithu. M'makutu mwanga munkamvekabe zimene anandipempha pa lole, komanso ndinkaona Yohane, kamnyamata kosadziwa n'kukoleza komwe moto, akufunsa kuti amayi ali kuti. Ndinkaona ndikubwerera ndi khanda lopanda bere, loti mwina litsatira anzake awiri aja. Ndinadziwa kuti ndikachedwa ndiluza onse, ndiye ndinatsegula pakamwa.

"Anamwino, mukawauze adokotala. Ngati n'kusankha, apulumutse mayiyu."

Mawu amenewo anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira, moti pakhonde ponse panangoti zii. Namwino uja anakwinya nkhope.

"Kusankha chiyani, bambo?"

"Si anena kuti fifite-fifite? Mmodzi wathu, mmodzi ayi."

"Iii, mayo! Ndi zimene mwawauza amayiwa?" Anasiya bedi n'kuomba m'manja kamodzi. "Ayi, bambo, sakugawa anthu. Akunena mwayi. Akutanthauza kuti zili pakatikati, zikhoza kuyenda bwino, zikhoza kukanika. Palibe akusankha munthu muno."

"Ndiye kuti onse awiri akhoza kutisiya?"

"Akhoza. Komanso onse awiri akhoza kutuluka amoyo."

Sindikudziwa ngati mungamvetse, koma nditamva kuti onse awiri akhoza kufa, chinthu cholemera chinatsika pachifuwa panga, chifukwa nkhaniyo inachoka m'manja mwanga n'kubwerera kwa Mulungu. Koma apongozi manja anali adakali pachitsulo. Namwino uja, ndi yunifolomu yake yoyera, anagwada pa simenti patsogolo pawo.

"Amayi, ine ndine mayi mnzanu, ndabereka, sindingakunamizeni. Akalowa umu, mwayi ulipo, ngakhale ndi wa theka. Mukabwerera naye kumudzi, palibe theka, palibe kalikonse, mukafika ndi maliro awiri. Chotsani manja."

Apongozi anayang'ana nkhope ya mwana wawo nthawi yaitali, yaitali zedi. Kenako ndinaona chala chimodzi chikumasuka, china, china, mpaka manja anagwera m'mbali. Namwino sanadikire mawu, anakankha bedi chothamanga, chitseko n'kutsekeka.

Musaganize kuti zinathera pomwepo ayi. Wina anabwera kudzanditenga kuti ndikapereke magazi. Kale tinkaopa zimenezi, kumudzi kunkamveka mphekesera zambiri zoti ukapereka magazi umauma, sulimanso, koma tsiku limenelo akanati tikufuna mwendo ndikanautambasula. Anandiyeza, anati magazi agwirizana, n'kundibaya. Ndili chigonere, ndikuona thumba likudzaza, m'pamene ndinakumbukira kuti za leveni sindinafunse. Ndipo ndinaganiza motere: namwino wandikonza pa fifite-fifite, koma za nthawi sanatsutse, ndiye kuti zimenezo n'zoona.

Ndinabwerera pakhonde mutu ukuzungulira, n'kukhala pa benchi moyang'anana ndi wotchi ija. Apongozi sindinawauze, ndinaona kuti ndawapweteka kokwanira. Ndinasenza ndekha. Inu mawotchi anu a m'foni amangosintha manambala mwakachetechete, koma ija inkagunda, ndipo muvi wautali unkati ukaima, kenako n'kudumpha, ukaima, n'kudumpha. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, atatha ndinayambiranso, kenako ndinangoyamba kuuchonderera muviwo kuti uchedwe. Munthu wina anandipatsa chinangwa chootcha, ndinangochigwira m'manja mpaka chinazizira.

Muvi unafika. Leveni.

Ndipo nthawi yomweyo, ngati zopangana, kunabuka kulira kumapeto kwa khonde, kulira kwa maliro kwenikweni, kwa amayi angapo pamodzi. Apongozi anadziponya pansi n'kuyamba kugubuduka, akuitana dzina la mwana wawo. Ine ndinangotsala pa benchi paja. Ndinati basi, dokotala ananena, ola lake ndi lomweli. Kenako anthu olirawo anadutsa patsogolo pathu, akuperekeza mtembo wa bambo wina wachikulire wochokera kuchipinda cha amuna. Sanali athu. Ndinawadzutsa apongozi n'kuwauza kuti si Elube, amayi, si Elube, ndipo ndinamva manyazi kuti mtima wanga wakondwera pa maliro a eni ake.

Koma chitseko chathu sichinatseguke. Muvi unadutsa, unapitirira, dzuwa linaboola chifunga n'kufika pamutu, kuli zii. Ndinayamba kuganiza kuti zachitika kale, akungosowa woti adzatiuze, kapena akumusambitsa kaye. Namwino aliyense akadutsa ndinkamuyang'ana kumaso kuti ndiwerenge, koma onse ankayenda mothamanga, maso ali kutsogolo.

Pamapeto pake dokotala uja anatuluka. Anavala nsapato zamphira zokhala ndi madontho a magazi, kansalu kakukamwa kakulendewera pakhosi, nkhope itatopa ngati walima tsiku lonse. Anaima patsogolo pathu. Anatsegula pakamwa kuti ayambe Chizungu, n'kuleka, ndipo ndinadziwa kuti namwino wamuuza zimene zinachitika pakhonde. Anayesa Chichewa, mawu anamuthawa. Ndiye anangogwira phewa langa n'kulankhula chiyankhulo cha kwawo, chimene anayamwira.

"Wose ŵaŵiri ŵali makora."

Palibe anatimasulira, ndipo sipanafunike, tinamva kuti onse awiri ali bwino. Apongozi anga, amene sanapitepo kumpoto chibadwire, analuluta nthungululu yoti odwala m'zipinda anadzuka, mpaka namwino anabwera kudzawatseka pakamwa uku naye akupukuta misozi. Iyeyo ndiye anatifotokozera bwinobwino, pang'onopang'ono, kuti mwana ndi wamkazi, anatuluka osalira koma amutsitsimutsa, ndipo kuti Elube chiberekero chinang'ambika, achichotsa, sadzaberekanso, komanso masiku oyambirira akhala ovuta. Anali ovutadi. Anatentha thupi, anabwebweta, koma anadzuka.

Tsiku lina ndinamufunsa namwino uja za leveni. Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Anati, "Bambo, amatanthauza kuti mwafika mochedwa kwambiri, madzi ali m'khosi, koma mpata ukadalipo pang'ono. Wotchi sikhudzidwa. Ndiye munakhala pa benchi paja mukuwerenga nthawi?" Ndinati eya. Anapukusa mutu, ndipo madzulo ake dokotala anabwera yekha pamene ndinakhala, n'kunena kuti pepani bambo. Chichokereni tsiku limenelo ndinkamuona akafuna kulankhula ndi abale a wodwala, ankayamba waitana namwino kuti aime pambali pake.

Tinabwerera kumudzi, anthu anatilandira, apongozi anandiphera nkhuku, chinthu chimene anali asanachitepo. Koma Elube sankandilankhula. Ndikamufunsa kanthu ankayankha mawu amodzi, maso ali kwa mwana. Ndinkati mwina ndi bala, mwina ndi chisoni cha chiberekero. Zinakhala choncho mpaka tsiku lina masana ndikukonza denga la nkhokwe, iye akuothera dzuwa pakhonde, khanda lili pamiyendo. Analankhula osandiyang'ana.

"Ndinamva, bambo a Yohane."

"Munamva chiyani?"

"Pa bedi paja. Maso ndinatseka koma makutu ankamva. Ndinakupemphani chiyani pa lole?"

Ndinatsika pankhokwe, udzu uli m'manja. Ndikanatha kunena kuti mutu unasokonezeka, kapena kuti ndinkafuna kuti amayi ake asiye bedi, koma tinali titadutsa m'zazikulu zoti sindikanamunamiza. Ndinati, "Munandipempha kuti mwana asapite. Ndinamva. Koma atandifunsanso lero, ndinganene zomwe ndinanena zija."

Anasisita kamutu ka mwanayo. Ine ndinaima pomwepo ngati wolakwa pabwalo. Kenako anatambasula manja n'kundipatsa khandalo.

"Ndiye munyamuleni. Akadzakula mudzamuuze nokha, asadzamve kwa anthu."

Mwana ameneyo ndiwo azakhali anu a ku Lisungwi aja, a Tiyamike. Ndinasunga mawuwo zaka zonse, ndikuopa, mpaka iwo ataima mimba yawo yoyamba. Ndinawaitana, ine ndi agogo anu titakhala pamodzi, n'kuwafotokozera zonse monga ndakufotokozerani inumu, osabisa kuti ndinasankha ndani. Ndinkayembekeza misozi, kapena kuti adzuka n'kuchoka. Iwo anagwira pamimba pawo, anayang'ana amayi awo, kenako ine.

"Ababa, mukanasankha ine, akanandiyamwitsa ndani?"

Agogo anu anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi inasiya kutiwawa.

Tsono adzukulu anga, Chizungu phunzirani, mawu a manambalawo lowezani onse, mukhoze mayeso. Koma munthu akakuuzani chinthu chachikulu inu osamvetsa, musathamangire kuvomera chifukwa cha manyazi. Nenani kuti bwerezani, nenani kuti tanthauzo lake n'chiyani, ngakhale akuoneni ngati mbuli. Ndipo iwe Tadala, paja umati udzakhala namwino. Ukadzavala zoyerazo, n'kupeza munthu wakumudzi ali pakhonde, matope ali m'miyendo, akunjenjemera, usadzamuponyere mawu a m'mabuku n'kuthamanga. Udzagwade pamene wakhalapo, umuuze m'chiyankhulo cha amayi ake, kenako umufunse kuti wamva chiyani, ndipo udikire mpaka ayankhe.